Ndevu za Makala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinabereka mlongo wanga n'kupita naye kumene amayi anandiletsa. Dzina lake ndi Dominiko, koma tonse tinkangoti Domi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, msinkhu umene mwana amayankhula mawu owerengeka koma maso ake amatola chilichonse.

Kwathu ndi chakumpoto kwa Nambuma, mtunda woyenda ola limodzi wapansi kuchokera pamsika. Bambo anali mlimi wa fodya ndi chimanga ngati wina aliyense m'mudzimo. Anali munthu wofatsa, woyankhula motsitsa, moti nthawi zambiri amayi ankachita kuwafunsa kawiri kuti amve zomwe anena. Sindikumbukira tsiku limene anandikwezerapo dzanja. Ngakhale nkhuku ikalowa m'chigafa momwe ankasankhiramo fodya, ankaithamangitsa ngati akuipempha. Koma munthu yemweyo akakwera pansanja ya zisudzo ankasanduka wina. Anali m'gulu la masewero la kutchalitchi kwathu, ndipo anthu a midzi yozungulira ankawadziwa chifukwa cha zimenezo kuposa fodya wawo.

Domi anali mchira wa bambo. Akamapita kuchigafa, iye ali pambuyo. Ankadya m'mbale yawo, ankagona masana pachiguduli pafupi ndi mapazi awo, ndipo akamva belu la njinga yawo ankasiya chilichonse n'kuthamangira kumpanda, kabudula ali m'maondo.

Chaka chimenecho mphunzitsi wina wa pasukulu yathu analemba sewero la banja la matenanti, anthu aja amachoka kumaboma akummwera kudzalima fodya m'maesiteti. Bambo anawapatsa mbali ya kapitawo wankhanza. Mkazi wa tenanti anali a Nankhoma, mayi oyandikana nafe nyumba, omwe ankakonda kumupatsa Domi mbatata yootcha. Gululo linakonzekera kwa miyezi iwiri zitseko zili zotseka, ndipo kusukulu sitinkakamba nkhani ina. Mnzanga Lusiya, amene anasuzumira pawindo tsiku lina, anandiuza kuti, "Bambo ako akuopsa! Sungawadziwe." Ine mtima unkangoti phaphapha podikira Lamulungu loonetsa sewerolo.

Loweruka masana tinali pakhonde. Amayi ankasenda mtedza, ine ndikuwathandiza, bambo akupopa njinga. Domi ankakoka chitsononkho chomangirira chingwe, ati galimoto.

"Amake Marita," anatero bambo, "kodi Domi sitingamutenge mawa? Akaone nawo bambo ake akusewera."

"Sanafikepo," anayankha amayi osadzutsa mutu.

"Wakulatu uyu. Pa Misa amakhala phee."

"Pa Misa amagona."

Ine ndinalowererapo. "Amayi, ndikamuyang'anira ine. Sakalira. Amadziwa kuti ndi masewera chabe."

Amayi anandiyang'ana, kenaka anaika lichero pansi. Anakoka chitenje n'kudziphimba nacho kumaso, n'kuyamba kulira mwabodza, kulira koseketsa kumene ngakhale wodutsa mumsewu akanadziwa kuti n'kwachinyengo. Domi anasiya galimoto lake. Mlomo wake wam'munsi unayamba kunjenjemera. Anathamangira kwa amayi, kuwagwira mwendo, n'kulira kwenikweni, misozi mbwembwembwe. Amayi anavundukula kumaso akuseka, koma iye anapitiriza kusisima kwa kanthawi ndithu.

"Mwaona?" anatero amayi akumupukuta mamina. "Kwa uyu kulibe kulira kwabodza. Chilichonse chimene waona n'chenicheni. Ndiye mukufuna akakuoneni inu mukukwapula a Nankhoma?"

Bambo anakanda mutu. "Mwanena zoona. Adzaona chaka chamawa."

Tinagwirizana kuti amayi atsala ndi Domi pakhomo, ine ndipita. Nkhaniyo sinandikhudzenso, popeza gawo langa linali lotetezeka.

Koma Lamulungu m'mawa, bambo atanyamuka kale kukamanga nsanja, kunafika munthu panjinga ndi uthenga wa maliro. Azakhali awo a amayi anali atatisiya ku Nsaru. Unali mwezi wozizira, Domi anali ndi kachifuwa, ndipo ulendo wa panjinga unali wautali. Amayi anamanga kachikwama mofulumira, maso ali ofiira.

"Marita, ukhale ndi mwana pakhomo. Sewero lidzabweranso. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva chiyani?"

"Ndikhale ndi mwana pakhomo."

Anakwera njinga ija n'kupita.

Ndinakhaladi pakhomo mpaka dzuwa litafika pamutu. Kenaka anthu anayamba kudutsa m'njira ya kuseri kwa nkhokwe yathu, magulumagulu, atatchena. Lusiya anandikodola ali kumpanda. Ndinapukusa mutu, iye n'kupitirira. Mudzi unatsala zii, kungomveka nkhunda ndi mphepo yoomba udzu wa padenga. Pamenepo m'pamene ndinayamba kudziweruzira ndekha mlandu. Ndinati amayi amangokokomeza. Ndinati dzulo Domi analira chifukwa anali ndi njala. Ndinati bambo eni ake anafuna kuti apite.

Ndinamukhazika pamiyendo panga.

"Domi, ukaona ababa akukalipa, ulira?"

"Iyayi."

"Ndi masewera, eti?"

"Masewela."

"Nena kuti sindilira."

"Sindilila."

Akanabwereza chilichonse chimene ndikananena. Ndikanati nena kuti ndine mbuzi, akananena. Koma ine ndinatenga mawu akewo ngati chilolezo. Ndinamusambitsa kumaso, kumuveka juzi, n'kumubereka.

Holo ya kutchalitchi inali itadzaza thothotho. Munkanunkha thukuta, sopo ndi fodya wa m'zovala za anthu. Nsanja anaimanga ndi madesiki a kusukulu, ndipo makatani anali nsalu zofunda zolumikiza ndi mapini. Ana anzanga anakhala pansi kutsogolo, koma ine sindinafune kuti bambo andione. Ndinapeza kampata kumapeto kwa benchi yakumbuyo, pafupi ndi mayi wina wachikulire amene sindinkamudziwa. Kuyankhula kwake kunali kwa kummwera, ndipo manja ake anali akuda ndi utomoni wa fodya. Anali mmodzi wa matenanti a pa esiteti ya kutsidya.

Poyamba zinayenda bwino. Sewero linayamba ndi nthabwala, anthu akaseka naye Domi ankaseka, kuomba m'manja mochedwa. A Nankhoma atatulukira atabereka chidole cha nsanza ngati khanda, iye anawaloza n'kufuula, "Anankhoma!" Anthu oyandikana nafe anaseka. Ine mumtima ndinati, amayi akanaona.

Kenaka analowa kapitawo.

Anavala majombo aatali, chipewa chachikulu ndi jekete lotukumuka ndi pilo pamimba. Kumaso anajambula ndevu zakuda bii ndi makala, ndipo m'manja anali ndi chikwapu. Ngakhale ine ndinatenga kanthawi kuti ndiwazindikire. Koma Domi sanachedwe. Ndinamumva akuuma thupi pamiyendo panga.

"Ababa?" anafunsa chapansipansi.

"Ee, ndi ababa. Akusewera."

Bambo anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Anagwedeza malata. Anatukwana tenanti wa m'sewerolo, anaponda mbale zake, anataya mphasa yake kunja. A Nankhoma anagwada n'kuwagwira mwendo, akulira kuti awasiye agone ngakhale usiku umodzi wokha poti mwana akudwala. Bambo anakweza chikwapu. Chinalira kuti thwa! A Nankhoma anagwa chafufumimba, ndipo chidole chija chinapulumuka kumsana n'kugubuduzika pansanja.

Holo yonse inabangula. Mayi wachikulire uja anaimirira. "Zoona zimenezo!" anakuwa. "Anatichita zomwezo ife!"

Domi sanalire. Chimenecho ndicho chinandipusitsa. Anangokhala duu, maso ali tong'oo. Kenaka ndinamva kutentha pamiyendo panga. Anali atakodza. Ndinamutsitsa n'kumuimika pansi kuti ndifinye chitenje, ndipo nthawi yomweyo tenanti uja analumphira kapitawo n'kumulanda chikwapu. Anthu onse anaimirira. Nanenso ndinakwera pabenchi kuti ndione. Sindikudziwa kuti ndinayang'ana nthawi yaitali bwanji. Mwina mphindi imodzi, mwina zisanu. Nditayang'ana pansi, Domi panalibe.

Ndinaitana, koma mawu anga anamira m'phokoso. Ndinasuzumira pakati pa miyendo ya anthu, osaona kanthu. Chitseko chinali pafupi, chotsegula. Ndinathamangira kunja.

Kunja kunali njinga zambirimbiri zotsamira pakhoma ndi mayi mmodzi wogulitsa nzimbe. "Kodi mwaonako kamwana kovala juzi yofiira?" Anati sanaone, naye maso ake anali pawindo. Kumanja kunali msewu, ndipo nyengo imeneyo malole onyamula mabelo a fodya ankadutsa ali paliwiro. Ndinathamangira kumeneko. Fumbi lokhalokha. Kenaka ndinakumbukira kanjira ka kuseri kwa holo, kotsetserekera kumadimba, kumene kunali zitsime zosavindikira.

Ndinathamanga minga ikundibaya osaimva. Ndinafika pachitsime choyamba n'kugona chafufumimba kusuzumira. Madzi anali bata, chule mmodzi akundiyang'ana. Chachiwiri chimodzimodzi. Pa chachitatu panali kansanza kofiirira m'mphepete, ndipo ndinakathamangira ndisanaone bwino kuti kanali kathumba kakale ka sopo. Ndinkapemphera mawu osalumikizana, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindikanakwanitsa. Ndili komweko ndinamva m'manja mukuombedwa kuholo, akazi akululutira. Sewero linali litatha.

Panalibenso kothawira. Ndinakwera mtunda kupita kuseri kwa holo kumene osewera ankatulukira. Bambo anatuluka akuseka, thukuta likuyenderera m'ndevu za makala zija, anthu akuwagwira chanza. Atandiona kuseka kunazima.

"Marita? Domi ali ndi ndani?"

"Wasowa, ababa."

Sanafunse kuti wasowa bwanji, kapena kuti ndinabwera naye chifukwa chiyani. Anangovula chipewa n'kuchigwetsa pansi. Uthenga unafala ngati moto wa m'dambo. Amuna ena anathamangira kumsewu, ena kumadimba kumene ndinachokera, wina anabwera ndi nsungwi yaitali yofufuzira m'zitsime. Nditaona nsungwi imeneyo ndinakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza.

Mayi wachikulire uja ndiye anandigwira paphewa. "Iwe mtsikana, tonthola. Unamuona akutuluka pakhomo?"

"Ayi."

"Ndiye mukumufuniranji kutali? Mwana wamantha sathamanga, amalowa pansi. Anga ankatero."

Tinabwerera m'holo, momwe tsopano munalibe anthu. Pakona yakumbuyo panali mulu wa mabenchi othyoka. Mayi uja anawerama, n'kuloza ndi mlomo. Mkatikati, mumdima wa kangaude, munkaoneka kajuzi kofiira. Domi anali atadzipinda, chala chili m'kamwa.

Wina anaitana bambo. Anabwera akuthamanga, majombo akulira pasimenti, n'kugwada n'kutambasula manja.

"Domi, bwera mwana wanga. Ndi ababa."

Apo m'pamene analira. Sikunali kulira kwa mwana wofuna kunyamulidwa. Kunali kukuwa kwa kanyama kogwidwa mumsampha. Anakwawira chakumbuyo mpaka anagunda khoma, akubisa nkhope. Bambo anabweza manja pang'onopang'ono ngati apsa. Anadzigwira kumaso, n'kuyang'ana zala zawo zakuda, n'kutuluka.

Anachita kubwera a Nankhoma. Domi anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anatulutsa kadzanja n'kuwagwira patsaya, ngati akufuna kutsimikiza kuti alidi moyo. Atatero anatuluka. Pobwerera kumudzi anamubereka ndi iwowo. Bambo anali atasamba kumaso pamjigo, atavula zonse za kapitawo, koma Domi akangowaona ankayambiranso. Choncho ankayenda kumbuyo kwenikweni, akukankha njinga, okhaokha.

Amayi anabwera Lachiwiri. Anapeza mwana akukana kutuluka m'nyumba bambo ake akakhala pabwalo. Ndinawafotokozera zonse ndili chogwada, ndikudikira kamtengo ka pichesi kamene ankasunga kuseri kwa chitseko. Anapitadi kukakatenga, koma bambo anawaletsa.

"Ayi, amake Marita. Pakhomo pano mwanayu asaonenso munthu akumenyedwa."

Amayi anakabweza kamtengo kaja. Anakhala pampando n'kundifunsa funso limodzi lokha.

"Tandiuza, Marita. Amene ankafuna kukaona sewero anali ndani? Domi, kapena iwe?"

Funsolo sanalibwereze.

Ndikanakonda kukwapulidwa, chifukwa zikanatha tsiku lomwelo. Chilango changa chinali kuonerera. Belu la njinga likalira kumpanda, Domi ankathawira kuseri kwa amayi. Bambo ankadya okha, ndipo mwa chizolowezi ankapatula kachidutswa ka ndiwo m'mphepete mwa mbale, kenaka n'kukumbukira, n'kukasiya pomwepo. Akanyamula chingwe kapena lamba, mwana ankatsinzina. M'chigafa chiguduli chija chinakhala choyala, osagonapo munthu. Mawu a bambo, omwe anali otsika kale, anatsikiratu. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza a Nankhoma kuti, "Nanga akakula nazo? Nanga akapanda kuiwala?" Funso limenelo ndinayenda nalo kusukulu, kumjigo, kumunda, kwa milungu itatu.

A Nankhoma anayesetsa. Anabwera kudzadya nafe, n'kukhala pafupi ndi bambo, kuseka nawo mokweza kuti Domi aone. Anabweretsa chikwapu chija n'kumuonetsa kuti chinali cha makungwa a nthochi, chongolira koma chosapweteka. Anamupatsa ndi chidole chomwe. Domi anatenga chidole, n'kuchibisa kutali ndi bambo.

Mapeto ake bambo anapeza njira yawoyawo. Tsiku lina masana anakhala pansi pa mtengo wa mango, patali ndi khonde, ali ndi beseni la madzi, kachidutswa ka galasi ndi khala limodzi. Sanaitane aliyense. Anajambula ndevu pang'onopang'ono, kudziyang'ana pagalasi, kenaka n'kusamba. Kujambulanso, kusambanso. Domi ankasuzumira pachitseko. Mawa lake anachita zomwezo, ndipo Domi anafika pakhonde. Tsiku lachitatu anafika pamtondo, atagwira chitenje changa. Anthu odutsa ankayang'ana modabwa bambo wamkulu akudzipaka makala fodya akudikira m'chigafa, koma iwo analibe nazo ntchito.

Tsiku lachisanu bambo anaika khala lija pansi, patsogolo pawo, n'kutsinzina. Domi anandisiya. Anayenda pang'onopang'ono, kuima, kuyendanso. Anatola khala. Anawalemba mzere pamphuno, n'kudumphira kumbuyo. Bambo sanagwedezeke. Anabwereranso, kuwalemba patsaya, pachipumi, mpaka nkhope yonse inadetsedwa. Kenaka anaviika kadzanja m'beseni n'kuyamba kuwapukuta yekha. Madzi akuda ankatsikira m'kolala ya malaya. Khungu litayamba kuoneka, Domi anapendeketsa mutu n'kuwayang'anitsitsa.

"Ababa abwela," anatero.

Bambo anatsegula maso. Madzi omwe anali pankhope pawo sanali a m'beseni okha. Amayi, amene ankaonerera ali kukhitchini, anatembenuka n'kumakankhira nkhuni pamoto womwe unkayaka kale bwinobwino.

Sewero lija linatchuka, moti gululo analiitana ku Kabudula ndi ku Namitete. Bambo sanapite. Mbali ya kapitawo anaipereka kwa munthu wina, ndipo anthu ankadandaula kuti watsopanoyo sakuopsa. Anadzabwerera pansanja patapita zaka zitatu, Domi atayamba sukulu, ndipo mpaka kukalamba kwawo ankangosewera mbali zoseketsa.

Nditakula, ndili kusukulu ya uphunzitsi, ndinawapepesa tsiku lina tikukolola. Ndinati ndinawalanda mbali yabwino kwambiri imene anaseweramo. Anaseka pang'ono.

"Tsiku lija anthu anandiombera m'manja kuposa tsiku lina lililonse," anatero. "Koma onse aja ankadziwa kuti a Nankhoma adzuka. Amene sankadziwa anali mmodzi yekha, ndipo anali wanga. Poyamba amene ananena kuti timutenge ndine, Marita. Usasenze wekha."

Domi lero ndi bambo wa ana awiri, amawotcherera zitsulo pa Nsaru. Sakumbukira chilichonse, ndipo ndikamufotokozera amaseka kuti ndikupeka. Ine ndiye sindinaiwale. Ndimaphunzitsa Sitandade 1, ndipo kawirikawiri makolo amandifunsa ngati mwana wakwana kuchita chakuti, kupita kwakuti, kuona zakuti. Ndimawauza zochepa zimene ndikudziwa: kuti zaka sizinena zonse, kuti mwana wokhala chete si ndiye kuti ali bwino, ndipo kuti "ee" wa mwana wamng'ono nthawi zambiri amakhala mawu ako omwe akukubwerera.

Koma chimene ndinaphunzira kwenikweni sichikhudza ana. Tsiku lija Domi sanapemphe kupita kulikonse. Akanatha kukhala pakhomo tsiku lonse akusewera padothi, wokondwa. Amene mtima unali kuholo ndinali ine, ndipo ndinabwereka dzina la mwana kuti ndifike kumene ndinkafuna. Ndaona akuluakulu ambiri akuchita zomwezo, ndipo nanenso chiyeso chimenechi chimandifikirabe ndi ana anga. Choncho ndikamva pakamwa panga pakutuluka mawu oti mwana wakonzeka, ndimayamba ndayang'ana kumapazi kwanga. Ndikapeza kuti nsapato ndavala kale, ndimadziwa amene wakonzeka, ndipo ndimakhala pansi.